William Seymour ndi mphunzitsi wake Charles Parham: anagwirizana pati, anasiyana pati? Mafunso ndi mayankho

Akhristu ambiri a mipingo ya Pentekosite anamvapo za Azusa Street, kumene kunabuka chitsitsimutso chachikulu mu 1906 mumzinda wa Los Angeles ku America. Chimene sichitchulidwa kawirikawiri paguwa n'choti mbusa amene ankatsogolera mapemphero kumeneko, William Seymour, anadzudzulidwa poyera ndi mphunzitsi wake yemwe, Charles Parham, chitsitsimutsocho chisanathe ngakhale chaka. Nawa mafunso amene anthu amakonda kufunsa akamva nkhaniyi.

Kodi anthu awiriwa anali yani?

Charles Fox Parham anali mzungu, wobadwa mu 1873 ku Muscatine m'chigawo cha Iowa. Anayamba ngati mlaliki wa mpingo wa Methodist, koma mu 1895 anachokamo chifukwa sankafuna kulamulidwa ndi mabishopu. Anakhazikika ku Topeka, m'chigawo cha Kansas, kumene anatsegula nyumba yopemphereramo odwala, kenaka mu Okutobala 1900 anatsegula sukulu ya Baibulo yotchedwa Bethel. Pasukulu imeneyi ndi pamene mayi wina wophunzira, Agnes Ozman, analankhula malilime pa 1 Januwale 1901, Parham atamusanjika manja.

William Joseph Seymour anali munthu wakuda, wobadwa pa 2 Meyi 1870 ku Centerville, m'chigawo cha Louisiana. Makolo ake onse awiri anakhalapo akapolo. Sukulu sanapite nayo patali. Anagwirapo ntchito yoperekera zakudya m'mahotela ku Indianapolis, anakhalako ku Cincinnati, ndipo nthomba inamupha diso limodzi. Chikhristu chake chinakhwimira m'magulu a chiyeretso, amene ankatsindika za kuyeretsedwa ku uchimo, makamaka gulu lina lotchedwa Evening Light Saints, lomwe linkaphunzitsa kuti mumpingo woona wa Khristu mulibe mzungu kapena wakuda. Mfundo imeneyi muisunge, chifukwa Seymour anafika nayo kale kwa Parham. Sanaiphunzire kwa iye.

N'zoona kuti Seymour ankaphunzira ali kunja kwa kalasi?

N'zoona. Chakumapeto kwa 1905 Parham anatsegula sukulu ina ya Baibulo ya miyezi yochepa ku Houston, m'chigawo cha Texas. Amene analumikizitsa awiriwa anali mayi Lucy Farrow, m'busa wachikuda yemwe anagwirapo ntchito kunyumba kwa Parham ndipo anali atalankhula kale malilime. Malamulo a tsankho a ku Texas sankalola akuda ndi azungu kukhala m'kalasi imodzi, ndipo Parham sanafune kulimbana nawo. Motero Seymour ankakhala pakhonde, chitseko chili chotsekula, n'kumamvetsera ali pomwepo. Kumapemphero sankaloledwa kugwada kuguwa limodzi ndi azungu pofunafuna ubatizo wa Mzimu umene ankauphunzirawo.

Maphunzirowo anali a masabata ochepa chabe. Pa 22 Febuluwale 1906 Seymour anali atafika kale ku Los Angeles, ataitanidwa ndi kampingo kakang'ono ka chiyeretso kamene kankatsogoleredwa ndi mayi Julia Hutchins. Parham akadakonda kuti wophunzira wakeyo akhale ku Texas komweko azilalikira kwa akuda anzake, komabe anamudalitsa n'kumulola kupita.

Ndi chiphunzitso chiti chimene Seymour anatenga kwa Parham?

Chachikulu ndi chimodzi: kuti ubatizo wa Mzimu Woyera uli ndi chizindikiro chake cha m'Baibulo, ndipo chizindikirocho ndi kulankhula malilime monga pa Machitidwe 2:4.

Magulu a chiyeretso a nthawi imeneyo ankaphunzitsa kale za ntchito ziwiri za chisomo, kutembenuka mtima ndi kuyeretsedwa, ndipo ambiri ankati kuyeretsedwako ndiwo ubatizo wa Mzimu. Parham anabwera n'kunena kuti ayi, pali ntchito yachitatu. Munthu amapulumutsidwa, kenaka amayeretsedwa, kenaka amabatizidwa ndi Mzimu, ndipo chachitatuchi uchidziwa ndi malilime. Anthu analankhulapo malilime Parham asanabadwe, koma kumangirira malilime ku ubatizo wa Mzimu ngati umboni wake, imeneyo inali mfundo yake. Seymour anailandira yonse. Anatenganso dzina la gululo, Apostolic Faith, pamodzi ndi chikhulupiriro cha machiritso ndi choti Yesu ali pafupi kubweranso.

Kodi Parham akamati malilime ankatanthauza zomwe timamva m'matchalitchi lero?

Ayi, ndipo apa ambiri amadabwa. Parham ankakhulupirira kuti malilime ndi ziyankhulo zenizeni za mitundu ya anthu, zoperekedwa ndi Mzimu popanda kuphunzira, n'cholinga choti uthenga ufike padziko lonse msangamsanga dziko lisanathe. Za Agnes Ozman ankati walankhula Chitchaina. M'maganizo ake, mmishonale sankafunikanso kutaya zaka akuphunzira chiyankhulo. Angokwera sitima basi, akakatsika azikalalikira.

Seymour ndi anzake a ku Azusa poyamba ankakhulupirira zomwezo. Zinayesedwa ndithu. Alfred Garr ndi mkazi wake ananyamuka ku Los Angeles kupita ku India ali ndi chitsimikizo choti apatsidwa Chibengali, koma atafika ku Calcutta eni chiyankhulowo sanamve kanthu. Zoterezi zinachitikiranso ena. Pang'onopang'ono Apentekosite ambiri anayamba kumva malilime ngati chiyankhulo cha pemphero, motsamira pa 1 Akorinto 14. Parham yekha anakakamira maganizo ake oyamba mpaka imfa, ndipo malilime osamveka ngati chiyankhulo cha mtundu wina ankawayesa onama.

Akuti Seymour ankalalikira za malilime iye asanalankhulepo. Zinatheka bwanji?

Zinatheka, ndipo zinamuvutitsa. Atalalikira pa Machitidwe 2:4 kwa mayi Hutchins, anthu amene ankadziwa kuti anabatizidwa kale ndi Mzimu pamene anayeretsedwa anakhumudwa. Tsiku lina Seymour anapeza chitseko cha tchalitchi chili chokhoma ndi loko. Anasungidwa ndi banja la Edward Lee, ndipo mapemphero anasamukira kunyumba ya Richard ndi Ruth Asberry mumsewu wa Bonnie Brae. Pa 9 Epulo 1906 Lee analankhula malilime, kenaka ena, kuphatikizapo Jennie Moore amene anadzakhala mkazi wa Seymour. Seymour mwini wake analankhula malilime pa 12 Epulo, nkhosa zake zitamutsogolera.

Anthu atachuluka anasamukira pa nambala 312 mumsewu wa Azusa, m'nyumba yakale ya tchalitchi cha African Methodist Episcopal yomwe inali itasanduka mosungira katundu ndi khola la akavalo. Pa 18 Epulo nyuzipepala ya Los Angeles Times inalemba nkhani yowanyoza, tsiku lomwelo chivomezi chinagumula mzinda wa San Francisco, ndipo mantha a chivomeziwo anakokera anthu ambiri kumapempherowo.

Nanga chinachitika n'chiyani Parham atafika ku Azusa?

Seymour ndiye anamuitana. Ankamutenga ngati bambo wake mu uthengawu, ndipo nyuzipepala ya mpingowo, The Apostolic Faith, imene inayamba kutuluka mu Sepitembala 1906, inamutchula Parham ngati mtsogoleri wa gululo. Anthu ankamudikira mwachidwi.

Anafika mu Okutobala 1906, akuchokera ku Zion City kufupi ndi Chicago. Zimene anaona sizinamukomere ngakhale pang'ono. Akuda, azungu, anthu olankhula Chisipanishi ndi ena ochokera kutali ankagwada pamodzi, kugwa pansi, kunjenjemera, kulira, kuimba m'malilime. Amayi ankalalikira, anthu akuda ankasanjika manja azungu. Seymour nthawi zambiri sankaoneka n'komwe: guwa lake linali mabokosi awiri a matabwa osanjikizana, ndipo ankakonda kupemphera atabisa mutu m'bokosi lapamwamba. Parham anaima kutsogolo n'kuwauza kuti Mulungu wachita nazo nseru. Anati zambiri mwa zimenezo zinali zathupi, zamatsenga ogonetsa anthu tulo ndi za olankhula ndi mizimu. Atalalikira kangapo, akulu ampingo anamuuza kuti asabwerenso. Iye anakayambitsa misonkhano yakeyake mumzinda womwewo, koma sinapite patali.

Pofika Disembala 1906 nyuzipepala ija inayankha anthu ofunsa kuti Parham si mtsogoleri wa ntchito ya ku Azusa, mtsogoleri wake ndi Ambuye.

Ndiye kuti nkhani yonse inali ya khungu?

Osati yonse, koma amene amati khungu silinalowepo akubisa chilungamo. Parham anali ndi madandaulo enieni a chiphunzitso. Ankadana ndi chisokonezo pamapemphero kulikonse, ngakhale pakati pa azungu okhaokha, ndipo n'zoonadi kuti ku Azusa kunkalowa anthu a zikhulupiriro zachilendo amene ngakhale Seymour ankavutika nawo.

Komabe mawu amene Parham anagwiritsa ntchito pambuyo pake polemba za Azusa anali achipongwe kwa anthu akuda, ndipo chimene chinkamuwawa kwambiri ndi kuona amayi achizungu atagwa pansi pafupi ndi amuna akuda. Tsankho lake linali ndi mavesi ake. Ankaphunzitsa kuti anthu a ku Britain ndi azungu a ku America ndiwo zidzukulu za mafuko khumi a Israeli amene anasowa, ndiponso kuti kukwatirana kwa mitundu ndi limodzi mwa machimo amene anabweretsa chigumula cha Nowa. M'zaka za m'ma 1920 analankhulapo zoyamikira Ku Klux Klan, gulu la azungu odana ndi anthu akuda.

Seymour ankawerenga Machitidwe 2 yemweyo n'kuonamo china. Kwa iye chozizwitsa cha Pentekosite sichinali phokoso lokha, chinali kusonkhana kwa mitundu yonse pamalo amodzi. Mmodzi mwa azungu amene analipo, Frank Bartleman, analemba kuti mwazi wa Yesu unafafaniza malire a khungu. Chimene Parham anachiona ngati umboni woti Mzimu palibe, Seymour anachiona ngati umboni woti Mzimu wafika. Nyumba imodzi, usiku umodzi, Baibulo limodzi.

Kodi Seymour anadzasintha maganizo pa nkhani ya malilime?

Anasintha, ndipo m'kuona kwanga apa ndi pamene pagona kusiyana kwakukulu kwa awiriwa.

Taganizani zimene munthuyu anaona m'zaka zochepa. Amene anamuphunzitsa za malilime anamunyoza. Ena amene ankalankhula malilime mokoma ku Azusa anachoka n'kukayambitsa mipingo ya azungu okhaokha. Ena ankalankhula malilime Lamulungu koma moyo wawo uli wosalongosoka. Funso linadzibweretsa lokha: ngati malilime ali umboni wosakanika woti munthu wadzazidwa ndi Mzimu, nanga chidanichi chikuchokera kuti?

Pofika 1907 nyuzipepala ya ku Azusa inali itayamba kuyankha mwanjira ina. Pa funso loti umboni weniweni wa ubatizo wa Mzimu ndi uti, inati ndi chikondi chaumulungu, n'kulozera ku chipatso cha Mzimu cha pa Agalatiya 5:22 ndi ku 1 Akorinto 13. Mu 1915 Seymour anasindikiza buku la chiphunzitso ndi malamulo a mpingo wake, ndipo m'menemo ananena mosabisa kuti malilime ndi chimodzi mwa zizindikiro zotsata okhulupirira, koma si pamenepo poyezera. Anachenjeza kuti mpingo wodalira malilime okha umatsekulira khomo afiti ndi olankhula ndi mizimu, popeza nawonso amatha kutulutsa mawu achilendo.

Tisamunamizire. Sanasiye kulankhula malilime, ndipo sanauze aliyense kuti asiye. Anangochotsa malilime pampando woweruzira n'kukhazikapo khalidwe. Chodabwitsa n'choti awiriwa ankaopa chinthu chimodzi, malilime achinyengo, koma njira zoyesera zinali zosiyana. Parham ankafunsa kuti, kodi chimenechi ndi chiyankhulo chenicheni? Seymour ankafunsa kuti, kodi munthuyu akukhala bwanji ndi mkazi wake, ndi amene ali naye ngongole, ndi m'bale wa khungu lina? Funso la Parham linagwa pamene amishonale anafika ku Calcutta. La Seymour mpaka lero likhoza kufunsidwa mumpingo uliwonse.

Pali zina zimene Seymour sanatenge kwa mphunzitsi wake?

Zilipo. Parham sankakhulupirira kuti oipa adzazunzika kosatha. Ankati adzawonongedwa n'kutheratu. Seymour anakana zimenezo ndipo anasunga chiphunzitso cha chilango chosatha. Za mafuko khumi zija sanazilabadire. Parham ankadananso ndi dongosolo lililonse la mpingo, pamene Seymour anaika akulu ampingo, anapereka makalata kwa alaliki, ndipo pomaliza analemba malamulo otengera kwambiri a mpingo wa African Methodist Episcopal, iye n'kukhala bishopu. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi: Seymour anamwa kwa Amethodist, kwa Evening Light Saints, kwa Lucy Farrow ndi m'mapemphero a akuda a kum'mwera kwa America, ndipo Parham anali mmodzi chabe mwa aphunzitsi akewo.

Mukumukometsa kwambiri Seymour. Analibe zolakwa?

Anali nazo. Mu 1908 anakwatira Jennie Moore, ndipo ena mumpingo sanakondwe. Chaka chomwecho Clara Lum, amene ankathandiza kukonza nyuzipepala, anasamukira ku Portland kwa Florence Crawford, mayi amene kale anali mmodzi mwa atsogoleri a ku Azusa, atatenga ndandanda wa maadiresi a owerenga. Seymour analephera kuubweza, ndipo liwu la Azusa kumaiko akunja linazilala kuyambira pamenepo.

Mu 1911 kunabwera William Durham wa ku Chicago, yemwe analandira ubatizo wa Mzimu ku Azusa komweko mu 1907. Iye anayamba kuphunzitsa kuti kuyeretsedwa si ntchito yachiwiri yapadera, zonse zinatha pamtanda. Ankalalikira zimenezi paguwa la Seymour mwini wake ali paulendo. Seymour atabwerako anakhoma chitseko ndi loko, monga momwe anamukhomera iye zaka zisanu m'mbuyomo. Pa mfundo imeneyi anaima ndi Parham, ngakhale anali atasiyana kale. Anthu ambiri anatsata Durham.

Ndipo m'malamulo a 1915 aja analemba kuti bishopu ndi omutsatira paudindo azikhala anthu osakhala azungu, ngakhale azungu ankaloledwa kukhala mamembala. Anafotokoza kuti akuchita zimenezi pofuna mtendere, atatopa ndi abale achizungu ofuna kulanda mpingo. N'zomveka, komabe ndi kubwerera m'mbuyo kwa munthu amene ankalalikira kuti malire anafafanizidwa.

Nanga za mlandu wa Parham wa mu 1907?

Anamangidwa ku San Antonio, ku Texas, pomuganizira mlandu wa mathanyula. Iye anakana, ndipo mlanduwo sunazengedwe, unathetsedwa. Mbiri yake inaipa kwambiri kuyambira pamenepo. Koma kusiyana kwake ndi Seymour kunachitika izi zisanachitike, choncho tisaphatikize nkhani ziwirizi.

Zimenezi zikutikhudza bwanji ife kuno?

Njira yake ndi yodutsa ku South Africa. John G. Lake, amene anali wa ku Zion City ndipo anakhudzidwa ndi misonkhano ya Parham komanso anadziwana ndi Seymour, anafika ku South Africa mu 1908 pamodzi ndi Thomas Hezmalhalch. Mpingo wa Apostolic Faith Mission unabadwa pamenepo, ndipo unalukanalukana ndi magulu amene anabala mipingo ya Ziyoni. Makolo athu opita kumigodi ku Joni ndi ku Halale anabwera nazo zikhulupirirozi pobwerera kumudzi, amishonale n'kudzapeza moto utayaka kale m'malo ena.

Mkangano wa ku Azusa unawolokanso nyanja. Apostolic Faith Mission inayamba ndi mapemphero osakanikirana, koma pasanathe zaka ziwiri atsogoleri achizungu anali atalekanitsa ubatizo wa azungu ndi wa akuda. Mpingowo unadzalumikizananso mu 1996, Isak Burger n'kukhala pulezidenti, Frank Chikane wachiwiri wake. Ku America nako mipingo ya Pentekosite ya azungu ndi ya akuda inadzapepesana mu 1994 ku Memphis, atsogoleri n'kusambitsana mapazi.

Pa chiphunzitso, mpingo wa Assemblies of God, umene unakhazikitsidwa mu 1914 ku Hot Springs, Arkansas, ndipo kuno ku Malawi unatsogoleredwapo ndi a Lazarus Chakwera kuyambira 1989 mpaka 2013, umati malilime ndi umboni woyamba wooneka wa ubatizo wa Mzimu. Muzu wa mfundoyi ndi Parham, ngakhale za ziyankhulo za amishonale zinasiyidwa. Pa kuyeretsedwa mpingowu unatsata Durham. Koma kapembedzedwe kathu, kupemphera tonse nthawi imodzi mokweza, maumboni, amayi kuima paguwa, mapemphero ochezera, Parham akanati alowe akanatuluka msanga. Zimenezo zikufanana ndi za ku Azusa.

Kodi kusiyana ndi bambo wako wauzimu si kupanduka?

Funsoli limabwera chifukwa masiku ano mawu oti papa ndi bambo wauzimu ali ponseponse, ndipo vesi loti musakhudze odzozedwa anga limatuluka msanga mwana akafunsa funso. Nkhani ya Seymour siyankha zonse, koma onani mmene anachitira. Sanathawe Parham, anachita kumuitana ndi kumupatsa guwa. Sanataye zonse zimene anaphunzira pofuna kuonetsa kuti wakula. Zina anazisunga mpaka imfa, ndipo pa nkhani ya Durham anaziteteza ngakhale zinamuchotsera anthu. Zimene anakana anazikana atatsegula Baibulo ndi kuyang'ana zipatso. Ndipo m'nyuzipepala yake sanabwezere chipongwe, anangoti uyu si mtsogoleri wathu.

Aberea pa Machitidwe 17:11 anayamikiridwa chifukwa chofufuza m'malemba ngati zimene Paulo ankanena zinali zoona, ndipo Paulo yemweyo anatsutsa Petro pamaso pa anthu ku Antiokeya, pa Agalatiya 2, nkhani yake ili yokana kudya ndi anthu a mtundu wina. Seymour akanamvera Parham mu Okutobala 1906, kumvera kwake kukanatanthauza kuuza akuda akhale uku, azungu uko.

Anadzayanjananso?

Ayi. Parham anapitiriza kunyoza za ku Azusa m'zolemba zake kwa zaka zambiri. Seymour anatsala ndi kampingo kakang'ono, ambiri mwa iwo akuda, ndipo anamwalira ndi nthenda ya mtima pa 28 Sepitembala 1922. Mkazi wake anapitiriza ubusa mpaka nyumba ija inagumulidwa mu 1931. Parham anamwalira pa 29 Januwale 1929 ku Baxter Springs, Kansas, kumene gulu lake la Apostolic Faith linali ndi likulu.

Ndiye woyambitsa Chipentekosite ndi ndani pa awiriwa?

Olemba mbiri amagawanika. Amene amati Chipentekosite ndi chiphunzitso cha malilime ngati umboni amaloza Parham ndi Topeka, 1901. Amene amati ndi gulu lofalikira padziko lonse amaloza Seymour ndi Azusa, 1906, chifukwa ndi kumeneko kumene kunadutsa anthu ngati Charles Mason wa Church of God in Christ ndi Gaston Cashwell amene anakayatsa moto kum'mwera kwa America, ndipo amishonale anachoka kumeneko kupita ku Liberia, India ndi China. Ine ndimatsamira kwa Seymour, popeza chiphunzitso cha Parham chinakhala zaka zisanu chikungozungulira ku Kansas, Missouri ndi Texas mpaka chitafika m'manja mwa wophunzira wa pakhonde uja.

Koma funsoli lili ndi vuto lake, chifukwa likuyesa kuti zonse zinayambira ku America. Ku Wales kunali chitsitsimutso mu 1904. Ku India, pamalo a Mukti amene ankayendetsa mayi Pandita Ramabai kufupi ndi Pune, atsikana anayamba kupemphera modzazidwa ndi Mzimu mu 1905, Azusa isanatsegulidwe. Ku Pyongyang, ku Korea, chinabuka mu 1907. Ku Valparaíso, ku Chile, Amethodist otsogoleredwa ndi Willis Hoover analandira mu 1909, ndipo chimene chinawatokosa ndi kabuku kofotokoza za ku Mukti kamene mkazi wa Hoover analandira kuchokera kwa mnzake wakale wa kusukulu.